Wophunzira wa Imvi ndi Ziganizo Zake Zazifupi

Nditamaliza koleji ya uphunzitsi, boma linandibwezera kwathu ku Kafue, pa sekondale ina yoyandikana ndi ma Estates kumene ndinakulira. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. M'mawa ndinkaphunzitsa ana a yunifolomu. Masana anawo akaweruka, m'makalasi momwemo munkalowa akuluakulu ofuna kulembanso mayeso a Giredi 12. Inali nthawi ija mafakitale a kuno atachepetsa antchito, ndipo anthu amene anavala ovolosi zaka zambirimbiri anadzazindikira kuti khomo lililonse limene agogoda akuwafunsa pepala la sukulu. Ahedi anandipatsa kalasi ya Chingerezi ya akuluakuluwo chifukwa aphunzitsi akale onse anali ataizemba.

"Ni kalasi yabwino, sibapanga chongo," anatero ahediwo pondipatsa kaundula, kutanthauza kuti sachita phokoso. "Muzankala chabe bwino."

Tsiku loyamba ndinalowa nditakumbatira mabuku, choko chili m'thumba la siketi. Munali anthu ngati makumi awiri: madalaivala awiri, mlonda, azimayi angapo a pamsika, ndi achinyamata amene mayeso anawakana chaka chinacho. Pa desiki ya kutsogolo, mawondo atapanikizika pansi pa thabwa lopangira ana, panakhala bambo wa imvi, atavala shati yoyera yosita bwino ndi tayi. Anali mnzawo wa malemu bambo anga.

Sitinali pachibale. Ife makolo athu anachokera ku Malawi, mbali ya ku Dowa, pomwe iwo kwawo kunali ku Katete. Komabe chiyambire kulankhula ndinkawatchula amalume. Anali mkulu wa mpingo ku tchalitchi chathu cha Reformed, ndipo bambo atamwalira, ine ndili Giredi 8, ndi iwo amene anayendetsa mwambo wonse wa maliro. Ankayang'anira makina pa fakitale ina ya ku Industrial mpaka pamene dzina lawo linatuluka pa mndandanda wa ochotsedwa ntchito.

Atandiona anaimirira, kalasi yonse n'kuimirira nawo.

"Good afternoon, madam!"

Sindikumbuka zimene ndinaphunzitsa tsiku limenelo. Ndimangokumbuka kuti choko chinandithyokera kawiri. Titaweruka ndinawathamangira n'kuwapeza pa geti.

"Amalume, bwanji simunandiuze kuti mukubwera?"

"Ndikanakuuza ukanathawa kalasi," anatero akuseka. Kenako nkhope inasintha. "Tamvera, mwana wanga. Mkati mwa mpandawu iwe ndi aphunzitsi, ine ndine mwana wa sukulu. Ukandichitira manyazi ndiye kuti wandibera. Kusukulu ya zaumisiri akufuna munthu wophunzitsa achinyamata za mapampu ndi mapaipi. Ntchitoyo ndimaidziwa ngakhale nditatsinzina, koma akuti popanda kirediti ya Chingerezi sangandiyang'ane n'komwe."

Sabata yomweyo ndinawapatsa onse kompozishoni yoyamba, yofotokoza zimene anachita Loweruka lapitalo. Mapepalawo ndinawachonga Lamlungu masana pakhonde, amayi ali pambali panga kusankha nyemba. La amalume ndinaliika pansi penipeni, koma mulu unatha n'kulifikabe.

Linali loyera ngati lotayipa. Mzere wa m'mbali anaujambula ndi rula. Panalibe liwu ngakhale limodzi lolakwika kalembedwe. Linayamba motere: "I woke up at 05 hours. I checked the garden. The garden was dry. I watered the garden. I went to the market. The market was full."

Masamba awiri athunthu anali otero. Ndinadzuka. Ndinayendera dimba. Dimba linali louma. Ndinathirira dimba. Chiganizo chilichonse chinali cha mawu anayi kapena asanu, kuyamba ndi I kapena The, n'kukagwera pa kadontho. Powerenga ndinkamva ngati wina akukhoma misomali padenga la malata.

"Wakhala ndi pepala limodzi chidyereni nshima," anatero amayi. "N'landani limenelo?"

Nditawauza, anasiya kusankha nyemba.

"Iii, uwapatse zabwino. Anthu aja anatigwira dzanja pa nthawi yovuta."

"Ndikawapatsa zabwino zabodza, akakagwa pa mayeso enieni mudzati chiyani?"

"Kaya," anatero amayi, n'kubwerera ku nyemba zawo.

Ndinalemba 9 pa 20 ndi bolopeni yofiira. Lolemba nditawabwezera pepalalo, analiyang'ana nthawi yaitali, anagwedeza mutu ngati munthu amene wawerenga mita ya makina, n'kuliika m'chikwama.

M'kalasi momwemo munali mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika, wazaka ngati makumi atatu, amene anasiyira sukulu Giredi 11 atatenga pakati. Ankafuna kukaphunzira unamwino. Iyeyu vuto lake linali lina. Kompozishoni yake yonse inali chiganizo chimodzi, kuyambira pamwamba pa tsamba mpaka kuseri, chomangidwa ndi "and then" wosawerengeka. Nditamuuza kuti aiwerenge mokweza, anafika pakati mpweya n'kumuthera, kalasi yonse n'kufa nazo kuseka, iyenso akuseka nawo.

"Ba Madamu, ine nikayamba kukamba siniziba poimilira," anatero akudzipepesa ndi kope. "Olo ba muna banga baziba."

Ine ndinachita zimene anatiphunzitsa ku koleji. Ndinagawa bolodi patatu n'kulemba mitundu itatu ya ziganizo za Chingerezi: chongoima pachokha, cholumikiza mfundo ziwiri zofanana mphamvu, ndi chokhala ndi mfundo ina yotsamira pa inzake. Pansi pake ndinandandalika mawu olumikizira: although, because, when, while, after. Ndinawauza kuti wochonga mayeso amatopa ndi ziganizo zofanana msinkhu, ndipo kuti wofuna kirediti azisinthasintha kamangidwe. Onse anakopera mwakhama. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine mphunzitsi ndithu.

Sabata yotsatira mapepala anabwera atadzaza although. Dalaivala wina analemba kuti, "Although I woke up, I washed my face," ngati kuti kudzuka kumaletsa munthu kusamba kumaso. Amalume sanalakwitse chotero. Iwo anamvera lamulo mpaka kumapeto: ziganizo ziwiri zazifupi, chachitatu chokhala ndi because, ziwiri zazifupi, chachitatu chokhala ndi because, mpaka tsamba kutha. Misomali inali yomweyo, kungoti tsopano wokhomayo ankapumira pa msomali wachitatu uliwonse.

Nditayesa kuwafotokozera, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndithandizeni ndi muyeso. Pa ziganizo khumi, zazitali zikhale zingati, zazifupi zingati? Mukandipatsa nambala, sindidzaphonya."

Buku silinanene za nambala.

"Palibe muyeso, bambo. Zimatengera ndi nkhani."

"Ndiye ndidziwa bwanji?"

Iwo sankandiyesa dala, ankafunadi kudziwa. Kenako anapitiriza mofatsa.

"Ine ndalemba Chingerezi zaka makumi awiri ndi ziwiri, tsiku lililonse, m'buku la lipoti pakutha pa shifiti. Kapitawo amene anandiphunzitsa anati mfundo imodzi, mzere umodzi. Mnzanga wodzandilandira shifiti alibe nthawi yowerenga nthano. Akufuna adziwe ngati pampu yachiwiri ikutentha, ngati valavu ndi yotseka kapena yotsegula. Chiganizo chachitali chimabisa ngozi, aphunzitsi. Munthu akhoza kupsa chifukwa cha although."

Ena anaseka, koma ine sindinaseke, chifukwa ndinaona kuti akunena zoona. Kalembedwe kamene ndinkakatcha kolakwika n'kamene kanasunga anzawo amoyo. Kwa masabata angapo ndinkangobwereza za m'buku, iwo n'kumangopeza 9, nthawi zina 10. Kutchalitchi ankandipatsa moni ngati kale, koma ine ndinkawazemba. Tsiku lina ndinafika mpaka pakhomo la ofesi ya ahedi kuti ndikapemphe kusinthidwa kalasi. Ndinapeza ali ndi alendo, n'kubwerera.

Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala. Amene anakhalako ku Kafue amakudziwa: mapiri amachita ngati akufuka, phula limanyezimira, ndipo mphepo ikachokera ku Industrial imabwera ndi kafungo koyabwa m'mphuno. Masana ena m'kalasi munali mosakhalika, moti tinanyamula mabenchi n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa laibulale. Mutu wa tsikulo unali woti aliyense alembe za munthu amene anamuthandizapo. Panadutsa mphindi makumi awiri, mabolopeni osayenda. Wina ankasinza.

"Tsekani makope," ndinatero. Sindinakonzekere zimenezi, kunali kutopa chabe. "Tiyeni tiyambe takamba pakamwa, m'Chinyanja. Chingerezi chibwera pambuyo."

Mayi wa salaula ndiye anayamba. Anasimba za mnzake wa ku Chirundu amene anamuphunzitsa kusankha belo la zovala pongolinunkhiza, ndipo anatiseketsa mpaka wosinza uja anadzuka. Ali mkati mokamba, ndinayamba kujambula timizere kuseri kwa kaundula, mzere wautali pa chiganizo chachitali, waufupi pa chachifupi, kungofuna kuona kuti pakamwa pamayenda bwanji. Atatha ndinaloza amalume.

Anakonza tayi, anayang'ana pansi pang'ono, n'kuyamba. Mawu awo anasintha, anakhala aja a ku Katete, okoka bwino, osathamanga.

Anati anabwera ku Kafue ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pa basi mpaka ku Lusaka, kenako pa sitima, atanyamula kabokosi kachitsulo ndi kalata yopita kwa msuweni wa amayi awo amene ankagwira ntchito ya njanji. Atatsika pa siteshoni m'mawa n'kuonetsa kalatayo, anauzidwa kuti munthuyo anasamutsidwira ku Choma miyezi itatu yapitayo.

"Ndinakhala pa kabokosi kanga kuyambira dzuwa lili uku mpaka linadzafika uku," anatero akuloza ndi dzanja, "ndikuyang'ana njanji, ndikumva anthu akulankhula Chitonga ndi Chibemba zimene sindinkamvako ngakhale liwu limodzi, ndikuchita manyazi kupempha madzi kwa anthu osawadziwa, m'mimba muli chidyere cha ku Lusaka. Palibe anabwera."

Anapuma. Pansi pa mtengo paja palibe amene ankadzikupizanso ndi kope.

"Dzuwa litapendeka, kunadutsa munthu wa ovolosi ya njanji, wamtali, atanyamula chitini cha oyilo, akuimba chamumtima nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, ija timaimba pa Mgonero. M'chilankhulo chathu! Ine osaganiza n'komwe, ndinangolandira mzere wotsatira. Munthu uja anaima. Anatembenuka. Anati, ‘Ndinu a kuti, achimwene?’"

Anapitiriza kusimba kuti munthuyo anawanyamulira kabokosi n'kupita nawo ku kachipinda kake kamodzi ku komboni ya njanji, kumene anakhala miyezi isanu ndi iwiri akugona pa mphasa imodzi. Fakitale itayamba kulemba anthu, mwini chipindayo anawabwereka nsapato zake za kutchalitchi kuti akaonekere bwino kwa mabwana. Zinali zazikulu kwambiri, moti anazitsendera nyuzipepala kutsogolo, ndipo poyenda zinkalira kuti phwa, phwa.

"Ntchito ndinaipeza ndi nsapato za eni," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Munthu ameneyo anali bambo awo a aphunzitsi athuwa."

Bolopeni inaima m'dzanja langa. Bambo anga ndinkawadziwa ngati munthu wa mawu ochepa, wobwera kunyumba atatopa, wofunsa za lipoti la sukulu asanavule n'komwe jombo. Sindinawamvepo akuimba okha. Sindinkadziwa kuti anakhalapo ndi nsapato zobwereketsa, kapena kuti ubale wathu ndi amalume unayambira pa siteshoni yomwe ndinkaidutsa popita kumsika. Ndinaweramira pa kaundula kubisa nkhope. Mayi wa salaula anaona, n'kuimirira.

"Ba Madamu balema na zuba. Tiyeni tinyamule mabenchi, tizaonana mailo."

M'mawa mwake ndinayang'ana kuseri kwa kaundula kuja. Timizere ta nkhani ya amalume tinali tosiyanasiyana: wautali wofika m'mphepete mwa pepala, kenako kakafupi, kenako awiri apakatikati, kenako titatu tatifupitifupi totsatizana. Masana ndinawajambula pa bolodi momwe analili, popanda liwu lililonse.

"Bambo, izi ndi zimene munakamba dzulo," ndinatero. "Mzere wautaliwu ndi pamene munakhala pa kabokosi tsiku lonse. Munautalikitsa chifukwa tsikulo linatalika. Kakafupi aka ndi kaja munati, ‘Palibe anabwera.’ Titatu iti ndi pamene munthu uja anaima n'kutembenuka. Ndani anakupatsani muyeso?"

Anavala magalasi n'kuyandikira bolodi.

"Koma chija chinali Chinyanja," anatero.

"Wokamba ndi yemweyo. Chiganizo chachifupi sindikudana nacho. Dzulo chinatigwira mtima tonse. Koma chinatigwira chifukwa chinabwera pambuyo pa chachitali."

Anayang'anitsitsa timizere tija. Kenako anaseka pang'ono, chamumphuno.

"Sayirini ya ku fakitale," anatero. "Ikanamalira mphindi zisanu zilizonse, palibe akanathawa tsiku la ngozi."

"Ndi zomwezo, bambo."

"Bwanji simunanene choncho poyamba?"

"Sindinkadziwa," ndinayankha, ndipo chinali chilungamo.

Musaganize kuti zinasintha tsiku limodzi. Dzanja limene lalemba mwa mtundu umodzi zaka makumi awiri silimva msanga. Nkhani ya pa siteshoni ija anailemba m'Chingerezi kasanu. Ulendo woyamba inabwereranso ku lipoti la shifiti: ndinafika, ndinatsika, ndinakhala. Ulendo wachiwiri anatalikitsa zonse mpaka mneni ankasochera pakati pa chiganizo. Ndinayamba kuwauza onse kuti asanalembe ndime azikamba kaye chamumtima m'chilankhulo chawo, amve pamene mawu akuthamanga ndi pamene akuima, ndipo akalemba aziwerenga mokweza. Ndinawaonetsanso kuti chiganizo sichiyenera kuyamba ndi mwini nkhani nthawi zonse. Chikhoza kuyamba ndi nthawi, ndi malo, kapena ndi chimene munthu anaona. Tsopano mawu olumikizira aja anayamba kugwira ntchito, chifukwa anthu anali ndi zoti alumikize.

Amalume ndinawakhazika desiki imodzi ndi mayi wa salaula kuti azisinthana makope. Iwo ankamuikira timadontho, iye ankawafufutira tawo. Mkangano wawo unkamveka mpaka pakhonde.

"Ba tate, apa mwaimika basi pakati pa njila, bantu bakalibe kufika!"

"Mayi, yanuyi ndiye ilibe mabuleki. Tikafera mu mtsinje tonse."

Pofika nyengo ya mvula anali atazolowerana moti mayiyo ankawabweretsera vitumbuwa m'kapepala, iwo n'kumamubweretsera repu wa m'dimba lawo. Masiku amenewo ndimawasowa. Mvula inkagunda malata mpaka tinkasiya kumvana, tonse n'kusunthira pakati pa kalasi pamene sipankadontha, madalaivala akununkha dizilo, wina akuwerenga ndime yake mofuula kuti apose mvulayo. Anthu aja ankabwera atatopa ndi ntchito kapena ndi kusowa ntchito, koma sindinaphunzitsepo kalasi ina yomvetsera ngati imeneyo.

Ulendo wachisanu amalume anandipatsa pepala lawo. Ndime ya pakati inali yotere: "Although I had eaten nothing since Lusaka, I was ashamed to ask those strangers for water, and so I sat on my tin box and watched the rails until the sun crossed to the other side of the station. Nobody came." Zinali zomwe zija anatisimbira pansi pa mango, njala, manyazi, njanji ndi dzuwa, zonse m'chiganizo chimodzi chotalika ngati tsikulo, kenako mawu awiri okha. Ndinalemba 15 pa 20. Panali zolakwika zingapo za nthawi ya mneni, ndipo sindinazikhululuke.

Ndinawapempha kuti ndipite nalo kunyumba pepalalo. Amayi Chingerezi ankachimva pang'ono, choncho ndinkawerenga chiganizo n'kuwamasulira. Anamvetsera manja ali pachibwano. Titafika pa nsapato anaseka mpaka kutsokomola.

"Zinabwerako zitapindika ngati bwato! Bambo ako anakwatira atavala zomwezo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma apo pa miyezi isanu ndi iwiri amalume ako anama. Inali isanu ndi inayi. Ine ndinabwera kudzalowa m'nyumba iwo akadali momwemo, mpaka abusa ndi amene anawapezera pogona."

Tsiku limenelo amayi anandisimbira za bambo mpaka nthawi yophika inadutsa: mmene ankaimbira akamasita, mmene anasiyira kuimba mwana wawo woyamba atamwalira, ine ndisanabadwe. Zonsezi anali asanandiuzepo, ndipo ine ndinali ndisanafunsepo.

Nditawauza amalume za miyezi isanu ndi inayi, anati, "Amayi ako amawerengera ndi masiku amene ndinkabwera kudzadya." Papepala paja sanasinthe.

Mayeso analembedwa nyengo yozizira. Zotsatira zitatuluka, amalume anapeza 6, kirediti yotsiriza penipeni, koma kirediti ndithu. Mayi wa salaula anapeza 4, kuposa amalume, ndipo anabwera kusukulu akuthamanga, chitenje chili m'manja, n'kundinyamula m'mwamba pamaso pa ana a yunifolomu. Anadzapitadi ku unamwino patapita zaka ziwiri, ndipo lero ndi sisitala pa kiliniki ina ku Lusaka. Dalaivala wa although uja analephera, analembanso chaka chotsatira, n'kukhoza.

Ntchito ya kusukulu ya zaumisiri amalume sanaipeze. Anapita ndi pepala lawo atavala suti, koma anauzidwa kuti zaka zapitirira. Anabwera kudzatiuza okha kunyumba, atakhala pa mpando wa bambo, chipewa chili pa bondo. Ine ndinalira ndi mkwiyo. Iwo anangoti, "Pepalalo ndi langa, salanda." Kwa miyezi ingapo sankaoneka kawirikawiri, ndipo anaonda.

Chimene chinawadzutsa chinali maliro. Mnzawo wina wa ku fakitale atamwalira, abale anasowa wolemba mbiri ya malemu yowerenga kutchalitchi, ndipo anapempha amalume. Kale mbiri zotere zinkangokhala mndandanda: anabadwa chaka chakuti, anakwatira chaka chakuti, wasiya ana angapo. Iwo analemba zina. Anasimba mmene malemuyo ankagawira anzake chakudya cha m'chitini pa shifiti, ndi mmene ankaopera achule chikhalirecho anali chimunthu chachikulu. Anawerenga m'Chinyanja, kenako m'Chingerezi chifukwa cha akamwini a mitundu ina. Anthu anaseka m'tchalitchi, kenako analira. Kuyambira pamenepo, maliro akagwa ku Estates kapena ku komboni ya njanji, kaya ndi a Reformed kaya a Katolika, anthu ankatumiza uthenga kwa iwo. Ankapita ndi kope kukakhala ndi ofedwa, kufunsa, kumvetsera, n'kukalemba. Sankalandira kanthu kupatula tiyi.

Patapita zaka zingapo anabwerera kwawo ku Katete kukalima. Ine ndinatsala, ndinakwatiwa, ndinabereka ana atatu, ndipo ndikuphunzitsabe pa sukulu yomweyo. Makalasi a akuluakulu anasamukira kwina. Ana a masiku ano amalemba ngati akutumiza uthenga pa foni, ndipo ndimalimbana nawo mwa njira zina.

Amayi anamwalira chaka chatha, mwezi wa Juni. Sindinawaitane amalume, poganiza kuti ulendo wa ku Katete ndi wautali kwa munthu wa zaka zawo. Ndinangowaimbira foni kuwadziwitsa. Tsiku lachiwiri la maliro, masana, ndinaona anthu pabwalo akupatuka, ndipo iwo analowa ndi ndodo, mdzukulu wawo wamkazi atawagwira mkono. Anali atafupika. Anakhala pansi pafupi nane, pa mphasa ya azimayi, zimene mkulu wa mpingo sachita, n'kutulutsa kope m'thumba la jekete.

"Zambiri ndikuzidziwa," anatero. "Koma zaka khumi zomalizazi sindinalipo. Undiuze."

Ndinawauza. Analemba pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi pepala chifukwa maso anali atafooka. M'tchalitchi anawerenga ataimirira osagwira ndodo. Anasimba za mtsikana wa ku Dowa amene anatsika sitima ndi mtondo wake pamutu chifukwa anamva kuti ku tauni kulibe mitondo, ndi mmene anadyetsera anyamata awiri ndi ndiwo za munthu mmodzi osadandaula pamaso pawo. Ana anga anamva za agogo awo zimene sakanazimva kwa wina aliyense.

M'mawa mwake ndinawaperekeza pokwerera minibasi za ku Lusaka. Kunali chisanu, ndipo anali atavala chipewa cha ulusi chimene mkazi wawo anawalukira. Kondakitala anawapatsa mpando wa kutsogolo, mdzukulu n'kukhala kumbuyo kwawo ndi chikwama. Basi isananyamuke anatsitsa galasi.

"Chaka chino mtedza wachita bwino," anatero. "Ubwere ndi ana pa holide, adzaone kumudzi. Usachedwe, mwana wanga, ine ndakula."

Ndinalonjeza. Holide ya Ogasiti inadutsa ndikuchonga mapepala, ya Disembala kunali mvula, ya Epulo mwana wanga wamng'ono anadwala. Sabata yatha ndawaimbira kuti Ogasiti uno tikubwera, ndipo ndauza kale ahedi kuti asandiike pa ntchito ya holide. Amalume anati atisungira thumba limodzi la mtedza wosasenda, ndipo tikatsika basi pa Katete tifunse njira ya ku dibi la ng'ombe, nyumba yawo ndi yachitatu kuchokera pa mjigo.